Musadye Mbewu, Adzukulu Anga

Ana anga ndi adzukulu anga a muno mu Kafue Estates, pamodzi ndi inu a ku Shikoswe, ku Nangongwe ndi ku Zambia Compound, senderani kuno ndikutsineni khutu. Ndikunena makamaka inu amene mumakhala pa tuntemba ta pamsika, laputopu ili pamiyendo, kuikira anthu nyimbo m'mafulashi ndi m'makhadi a foni, ndi inunso amene kumpingo anakusankhani kuti muzijambula kwaya ndi ulaliki. Ntchito yanu ndimaiona ndipo ndimaiyamikira. Komabe pali zina zimene maso anga aona, zondisowetsa tulo.

Tsiku lina ndinakhala pamthunzi pafupi ndi kantemba kena, kudikira wosoka nsapato. Panafika mayi wina wachikulire atamangirira foni kunsonga ya chitenje. M'fonimo munali vidiyo ya ukwati wa mwana wawo, pomwe amuna awo ankalangiza akwatiwo. Bambowo anatisiya patangopita miyezi yochepa chichitikire ukwatiwo. Mayiwo anati maso awo afooka, zithunzi za pafoni sazionanso bwino, choncho ankafuna mawu okha aikidwe m'fulashi kuti azimvera pa kawailesi kawo usiku. Mnyamata wa pakantembapo sanafunse zambiri. Anadinadina, nati zatheka. Poona kuti foni yadzaza, anafufuta vidiyo ija poganiza kuti akuwathandiza. M'mawa mwake mayiwo anabwerera misozi ili chuchuchu. Wailesi inkangoidumpha fayiloyo, ndipo ataitsegula pa laputopu, malemuwo ankamveka ngati munthu wolankhulira pansi pa madzi, kenaka mawu n'kudukira pakati. Vidiyo yoyamba ija kunalibenso. Madzi akatayika sawoleka.

Mnyamatayo ndimam'dziwa, ndi mwana waulemu, wopanda mtima woipa. Chimene chinam'sowa ndi chija mlimi aliyense kwathu ku Katete amachidziwa chiyambire ubwana: njala ingakule bwanji, mbewu sadya.

Ine ndinafika mu Kafue muno ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, mafakitale ali pachimake. Nitrogen Chemicals inali itangoyamba kupanga feteleza, Kafue Textiles ikuluka nsalu usana ndi usiku, ndipo nyumba za mu Estates zinali zodzaza ndi antchito ochokera kumbali zonse za dziko. Ntchito yanga inali ya magetsi, koma ndikaweruka ndinkakonza mawailesi pakhonde. Ndagwira mbale za galamafoni, makaseti, matepi a vidiyo, ma CD, mpaka lero mafayilo osagwirika ndi dzanja. Za kompyutazi anandiphunzitsa mdzukulu wanga wamkazi, imvi zili kale mbuu, pakuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Zipangizo zasintha kangapo ndikuona, koma zolakwa za anthu ndi zomwe zija: kufulumira, kusafunsa, ndi kutaya choyambirira.

Choyamba tsono ndi ichi. Munthu akakubweretserani vidiyo, musanaichite kanthu kalikonse, ikopereni pa kompyuta yanu yonse yathunthu, ndipo muzigwira ntchito pa yokoperayo. Ya mwiniwake ikhale momwe inabwerera. Musaifufute ngakhale foni italira kuti yadzaza, ngakhale mwiniwake atanena kuti sakuifunanso. Muuzeni apite kunyumba, akamvere kaye zimene mwam'pangira, kuyambira poyamba mpaka pothera, pa wailesi yomwe ija akufuna kumamverapo. Vidiyo yoyambayo ndiyo mbewu. Ikakhalapo, mukalakwitsa kakhumi mudzayambanso kakhumi. Ikapita, mwatsala ndi zimene munaphika, zipse kapena zisapse.

Chachiwiri, dziwani chimene chili m'dengu musanalisenze. Fayilo ya vidiyo ili ngati dengu lonyamula mitolo iwiri: mtolo wa zithunzi ndi mtolo wa mawu. Zilembo zija mumaziona kumapeto kwa dzina, MP4, MKV, MOV, AVI kapena 3GP, ndi dzina la dengu chabe. Mtolo wa mawu uli m'katimo uli ndi kamangidwe kakekake. M'mavidiyo ambiri a pafoni mawu amakhala a mtundu wa AAC. M'ma DVD mumapezeka kwambiri AC3. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ndi Opus. Wailesi ya agogo ikakana fayilo, nthawi zambiri sikuti fayiloyo yafa, koma wailesiyo sidziwa kumasula mfundo za mtolo umenewo.

Apa ndi pamene ambiri a inu mumagwera m'mbuna. Ndaona ana akungosintha dzina la fayilo, kufufuta zilembo za MP4 n'kulembapo MP3, n'kumati asintha. Ana anga, kulemba kuti "mpunga" pa thumba la mapira sikusandutsa mapirawo mpunga. Laputopu ikhoza kuiimba fayilo yotero chifukwa imasuzumira m'kati, koma kawailesi kapena sipika ya m'minibasi idzangoidumpha. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa MediaInfo imene imakuuzani zonse za m'dengumo: mawu ndi a mtundu wanji, alimo mitolo ingati, ndi otalika bwanji. VLC nayonso imasonyeza zimenezi. Kuyang'ana kumeneku sikutha ndi mphindi imodzi yomwe, koma kumakupulumutsani ku ntchito ya tsiku lonse. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, siyanitsani kutulutsa ndi kusintha. Kutulutsa ndiko kunyamula mtolo wa mawu m'dengu osaumasula, n'kuuika pawokha uli momwemo. Palibe chotayika. Kusintha ndiko kumasula mtolowo n'kuumanganso mwa mtundu wina, ndipo pomanganso pamagwa zina. MP3, imene akatswiri a ku Fraunhofer mumzinda wa Erlangen ku Germany anathandiza kwambiri kuipanga, n'kuipatsa dzinali mu 1995, imachepetsa fayilo potaya tizigawo ta mawu timene khutu silitizindikira msanga. AAC nayo imachita chimodzimodzi. Kuli ngati kukonola chimanga: gaga amachoka, mphale n'kutsala. Kukonola kamodzi n'kwabwino. Koma mukabwereza kukonola zokonolakonola, mudzatsala ndi misere yokhayokha. Ndipo ufa wa bulekifasiti sungabwerere kukhala rola ngakhale mutauthira m'thumba lalikulu. Ndikunena izi chifukwa ena mumatenga MP3 yowonda ya 64 n'kuisintha kukhala ya 320, kapena kukhala WAV, n'kumauza anthu kuti mwaikometsa. Fayilo yakula, inde, koma zimene zinatayika sizinabwerere.

Sungani manambala awa m'mutu. Mawu a WAV ofanana ndi a pa CD amadya pafupifupi mamegabayiti 10 pa mphindi imodzi. MP3 ya 128 imadya pafupifupi megabayiti imodzi pa mphindi. Choncho ulaliki wa ola limodzi ukhala pafupifupi 600 mu WAV, koma pafupifupi 60 mu MP3 yoteroyo. Munthu mmodzi akamalankhula, 128 ndi yokwana ndithu. Ikakhala kwaya, ng'oma ndi zisekese, musatsike pansi pa 192, apo ayi mawu a amayi oimba pamwamba adzamveka ngati malata. Ngati mukufuna kudula, kukweza kapena kuyeretsa mawuwo, gwirani ntchito yonse mu WAV, ndipo MP3 muipange kamodzi kokha pomaliza, yochokera ku mbewu.

Pa za zida, musavutike ndi kugula kapena kuba mapulogalamu. Zilipo zaulere zimene anthu ozindikira padziko lonse amagwiritsa ntchito. VLC, imene inayambika ndi ophunzira a pa École Centrale ku Paris, imatsegula pafupifupi vidiyo iliyonse, ndipo pansi pa mawu oti Media pali Convert pamene mungasankhe kutulutsa mawu okha. Audacity ndi yodulira ndi kuyeretsera, koma kumbukirani kuti kawirikawiri imakana kutsegula MP4 kapena M4A mpaka mutaiwonjezera kachigawo ka FFmpeg. Ambiri akaona yakana amati vidiyo ndi yowonongeka, chonsecho chikusowa ndi kachigawoko. FFmpeg yeniyeniyo, imene Fabrice Bellard wa ku France anaiyamba m'chaka cha 2000, ndiyo khasu lalikulu. Ilibe zithunzi zodina, mumachita kulemba lamulo, ndipo poyamba imaopsa. Koma taonani kufupika kwake. Mukalemba ffmpeg -i ukwati.mp4 -vn -c:a copy ukwati.m4a, mwaiuza kuti isiye zithunzi, inyamule mawu a AAC osawakhudza. Mukafuna ya wailesi ya agogo, mulembe ffmpeg -i ukwati.mp4 -vn -b:a 192k ukwati.mp3. Ine wa zaka zanga ndinaziphunzira. Inu a maso akuthwa chingakukanikeni n'chiyani?

Chenjerani ndi masamba a pa intaneti olonjeza kukusinthirani fayilo mwaulere, ndi timapulogalamu ta pafoni todzaza ndi zotsatsa malonda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amadula fayilo ikapitirira mphindi zingapo, monga zinachitikira mayi aja. Ena amafinya mawu mpaka kuwonda. Ena amakupatsirani mavairasi. Mu Marichi 2025 ofesi ya FBI ya ku Denver ku America inachenjeza anthu poyera kuti akuba akugwiritsa ntchito masamba oterewa pobera anthu zinsinsi zawo. Komanso taganizani: vidiyo ya maliro a bambo a mnzanu mwaitumiza kwa munthu amene simukum'dziwa dzina ngakhale dziko lake, bandulo yanu n'kuthera pomwepo.

Tsopano ndikuuzeni za matenda amene ndakumana nawo kawirikawiri, ndi kumene muyenera kuyamba kuyang'ana. Sing'anga wabwino amafunsa kaye pamene pakupweteka asanasinje mankhwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musinthe chinthu chimodzi, muyese, muone. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chachiza kapena chimene chapha.

Fayilo ikatuluka ili zii, yopanda mawu, bwererani ku mbewu mukamvere ngati mawuwo analimo n'komwe. Ngati alimo, onani kuchuluka kwa mitolo. Makamera ena amajambula mitolo iwiri, wina wa maikolofoni ya pakamera, wina wa waya wochokera ku mikisa, ndipo pulogalamu ikhoza kunyamula wopanda kanthuwo. Mukamva zoimbira zikugunda koma olankhula akumveka patali ngati ali kutsidya kwa mtsinje wa Kafue, mwina mawuwo anagawidwa m'njira zisanu ndi imodzi, zija amati 5.1. Olankhula amakhala m'njira ya pakati, ndipo pulogalamu yosalongosoka imatenga ya kumanzere ndi ya kumanja yokha. Iuzeni isakanize zonse bwino kukhala njira ziwiri.

Pali nthenda ina yodabwitsa imene inandizunguza mutu kale ndisanaimvetse. Mawu amamveka bwino m'mahedifoni, koma mukawaika pa sipika imodzi amazimiririka. Ena amafika poganiza za ufiti. Gwero lake ndi waya wolumikizidwa mopotoka pa tsiku lojambula, kotero kuti kumanzere kukamakankha, kumanja kukukoka, ndipo zikakumana pa sipika imodzi zimaphana. Mankhwala ake ndi apafupi: mu Audacity gawani njira ziwirizo, tayani imodzi, musunge inayo.

Mukamva abusa akulankhula ngati kamwana kothamanga, kapena mayi akumveka ngati bambo waulesi, vuto lili pa kawerengedwe. Makamera ambiri a vidiyo amatapa mawu ka 48,000 pa sekondi, pamene CD imatapa ka 44,100. Pulogalamu ikasokoneza ziwirizi, liwiro ndi kamvekedwe zimasuntha ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse. Onani nambala ya pa mbewu, muionetsetse kuti pulogalamu yaiwerenga momwemo.

Kung'ung'uza kuja kokhala pansi pa mawu ngati njuchi m'mphako kumachokera ku magetsi, amene kuno kwathu amagunda ka 50 pa sekondi. Kumalowa kudzera m'mawaya otha, m'machaja achabechabe, ngakhale m'jenereta. Audacity ikhoza kukuchepetsa: mumasankha kachigawo kamene palibe akulankhula, kuti iphunzire phokosolo, kenaka n'kulichotsa ponseponse. Koma thirani pang'onopang'ono ngati mchere. Mukapyoza muyezo, munthu amamveka ngati ali m'botolo. Phokoso pang'ono lokhala ndi mawu enieni a munthu liposa chete wokhala ndi mawu achilendo.

Koma mawu ong'ambika, aja amachitika wojambula akaima pafupi ndi sipika yaikulu ya paukwati, alibe mankhwala enieni. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Nsonga za mawuwo zinadulidwa tsiku lomwelo, ndipo chimene sichinalowe m'foni simungachitulutsemo. Muuzeni mwiniwake zoona. Ndipo inu ojambula, phunziranipo: imani chapatali ndi sipika, chapafupi ndi wolankhula, ndipo yesani kaye mphindi imodzi mumvere mwambo usanayambe.

Vidiyo imene foni inazima ili m'kati mojambula kawirikawiri imakana kutseguka paliponse. Musaifufute. Fayilo ya MP4 imalemba ndandanda ya zam'kati mwake pomaliza kujambula, ndiye batire ikatha mwadzidzidzi, katundu amakhala alimo koma ndandanda palibe. Pali kapulogalamu kotchedwa untrunc kamene kamayesa kumanganso ndandandayo poonera vidiyo ina yabwino yojambulidwa ndi foni yomweyo. Sikatheka nthawi zonse, koma ndaonapo zotayika zikubwerera.

Wailesi ikakana fulashi yonse, osati fayilo imodzi, yang'anani kakonzedwe ka fulashiyo. Mawailesi ambiri otchipa ndi a m'galimoto amawerenga FAT32 yokha, pamene mafulashi akuluakulu amabwera ali exFAT. Koma musanaifomate, tulutsani zonse zili m'menemo, chifukwa kufomata kumasesa nyumba yonse. Dziwaninso kuti FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa magigabayiti 4. Vidiyo yaitali ikakana kulowa pamene malo alipo, chifukwa chake n'chimenecho.

Makolo anu adzakubweretserani ma VCD ndi ma DVD a maukwati a kale. Pa VCD, vidiyo ili m'foda ya MPEGAV, m'mafayilo othera ndi DAT. Pa DVD ili m'foda ya VIDEO_TS, yoduliridwa m'mafayilo a VOB a pafupifupi gigabayiti imodzi iliyonse, ndiye mukatenga imodzi yokha mudzapeza malangizo a ankhoswe athera pakati. Pukutani chimbalecho ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, koperani foda yonse pa kompyuta, ndipo pokhapo yambani ntchito.

China chimene ndikufuna muchimvetse ndi cha WhatsApp. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Vidiyo ikatumizidwa mwa masiku onse, imafinyidwa kuti ipepuke, ndipo imafika itaonda. Wina akaijambulanso pa sikirini, wina n'kuiika pa Facebook, wina n'kuitsitsanso, pofika kwa inu yadutsa m'manja ambiri ndipo paliponse yasiya kanthu. Munthu akabwera ndi yotero, m'funseni: anajambula ndani? Foni yake ilipo? Pitani ku chitsime, musatunge m'chithaphwi. Ngati wojambulayo ali kutali, ku Chipata kapena ku Johannesburg, m'pempheni aitumize ngati dokyumenti, pakuti ikatero imafika yathunthu.

Za kasungidwe ndilankhule motsindika. Tonse tikukumbuka chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, boma n'kulengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse. Ndi ntchito zingati zinafera pakati m'miyezi imeneyo? Chakudza sichiimba ng'oma. Musayambe kusintha fayilo yaitali batire ili pafupi kutha, ndipo musazule fulashi ikadali kulemba. Chinthu chamtengo chisungidwe malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi kapena hadi disiki ina, ndi kwina kunja kwa nyumba yanu, kaya kwa mbale wanu kaya pa intaneti. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambi umenewo ndi wa munthu wosakhazikika mtima; mlimi wanzeru amapachika mbewu ina kutsindwi la kukhitchini, ina n'kusungitsa kwa mlongo wake. Mafulashi otchipa kwambiri olembedwa kukula kodabwitsa muziwakayikira, chifukwa ena amanama: amaoneka ngati alandira zonse, koma tsiku lowafuna mupeza zakale zafufutika.

Ndipo lembani maina omveka. Fayilo yotchedwa "audio 1" ndi mwana wopanda mfunda. Lembani chaka, mwezi, tsiku, mwambo ndi malo. Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ake m'midzi ya kuno ndi ya ku Malawi m'zaka za m'ma 1950, n'kukhazikitsa International Library of African Music mu 1954, ankalemba woimba, mudzi ndi chinenero pa nyimbo zimene ankajambula. N'chifukwa chake lero mdzukulu akhoza kufufuza n'kupeza nyimbo za kwawo. Mmodzi wa amene anagwirapo naye ntchito anali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922, amene mawu ake ankamveka m'midzi kudzera pa kawailesi kooneka ngati sefuliya kamene kanafika mu 1949. Iye anaphedwa mu 1978 pafupi ndi Mkushi, koma tikumumvabe chifukwa panali anthu amene anasunga.

Ife a msinkhu wanga tili ndi mlandu pa nkhani imeneyi, ndipo sindikubisirani. Tinavina nyimbo za WITCH, za Amanaz, za Paul Ngozi ndi Ngozi Family, za Rikki Ililonga, m'masiku amene a Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Chuma chitavuta, tinaziiwala. Matepi oyambirira a nyimbo zambiri anatayika. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzitulutsanso cha m'ma 2010, zina zinapulumukira pa mbale zakale zimene anthu ochepa anasunga. Lero Emmanuel Jagari Chanda akuimbanso ku Ulaya ndi ku America, koma ndi angati anzake amene mawu awo anapita nawo kumanda? Inenso ndinali ndi kaseti ya mayi anga akuimba nyimbo za pamtondo, imene ndinajambula nditapita kumudzi pa tchuthi. Ndinkati ndidzaikopera mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Nditaitulutsa m'sutikesi patapita zaka, inali itachita chuku ndi chinyezi cha kuno kufupi ndi mtsinje, tepi itamatirirana. Nkhope ya mayi anga ndili nayo pa chithunzi, koma mawu awo ndikuwaiwala pang'onopang'ono, ndipo palibe amene angandikumbutse. Ngati m'nyumba mwanu muli makaseti kapena matepi a VHS, musadikire. Kampani yomaliza kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndipo otsalawa akufa mmodzimmodzi.

Ndisanatseke, pali za ulemu. Luso limene muli nalo ndi mpeni: umasenda mbatata, umachekanso chala. Si mawu onse amene muyenera kutulutsa. Nyimbo ya woimba ndi munda wake. Dziko lino lili ndi lamulo la 1994 loteteza eni nyimbo ndi zolemba, ndipo bungwe la ZAMCOPS lilipo kuti oimba azidya thukuta lawo. Mukamazula nyimbo m'mavidiyo awo n'kumagulitsa, mukukolola m'munda umene simunalime. Ambiri a inu mumalota zodzakhala oimba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zinanso ndi za mwambo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inam'lemekeza mu 2005, amavinidwa poyera pa Kulamba ku Mkaika chakumapeto kwa Ogasiti, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo za pabwalo ndi za tonse. Koma za kudambwe ndi za kudambwe. Zimene alangizi amauza namwali m'nyumba si zoika pa sipika ya pamsika. Wina akakubweretserani zotero kuti muzifalitse, kanani. Ndipo choipitsitsa ndi kudula mawu a munthu, kuchotsa chiyambi ndi mathero, kuti amveke ngati ananena chimene sananene. Ndaona mabanja akupasuka ndi mipingo ikugawikana chifukwa cha timawu ta masekondi makumi awiri. Wodulayo amaiwala, koma mlandu suwola.

Pomaliza, khalani oona kwa anthu amene amakukhulupirirani. Chimene simukuchidziwa nenani kuti simukuchidziwa, mukafunse mnzanu. Mutu umodzi susenza denga. Chimene sichingakonzeke nenani poyera, musalandire ndalama ya chinthu chimene simunachimvere nokha mpaka kumapeto. Mafakitale amene anatikokera ife kuno sakulembanso anthu monga kale, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu mukudya za m'manja mwanu. Musadzione ochepa. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa bwino ntchito imeneyi adzafunidwa ndi mipingo, masukulu, mawailesi ndi mabanja, pakuti mbiri ya munthu wosamala imayenda yokha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: phunzirani chimodzi lero, china mawa.

Ndikukupemphani chinthu chimodzi, adzukulu anga. Sabata ino pitani kwa agogo anu amene akali moyo, kaya ali muno mu Estates kaya kumudzi. Zimitsani wailesi, tsekani chitseko, ikani foni pafupi nawo, muwafunse za kwawo, za mfunda wawo, za nyimbo zimene ankaimba ali ana. Mukatha, lembani dzina ndi tsiku, musunge malo atatu, ndipo yoyambayo musaikhudze. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera okhawo amene wina anawasunga. Musadye mbewu.